Ndigulitse nyumba ya ku Njewa kuti ndikachite masters ya zamalo ku UK?

Nachisale wa ku 25
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndakhala ndikungowerenga za anzanga pagulu pano, lero ndabwera ndi yanga. Ndinamaliza Land Economy ku Poly mu 2017, isanasanduke MUBAS. Chiyambire pamenepo ndili pa kampani ina muno mu Lilongwe, ntchito yanga ndi kuwerengera mitengo ya nyumba ndi malo, makamaka za anthu ofuna kupereka chikole kubanki. Ntchitoyi ndikuidziwa, koma ndaona kuti ndafika pamapeto pake. Lipoti limene ndinkalemba mu 2019 ndi lomwe ndikulemba lero, chosintha ndi manambala okha.

Tsopano yunivesite ina ya ku England yandipatsa malo pa MSc ya Real Estate, ya chaka chimodzi, yovomerezedwa ndi RICS, bungwe la ku UK la akatswiri a zamalo ndi zomangamanga. Sikolashipu ndilibe. Fizi yokha ikupitirira mapaundi 25,000, osawerengera pogona ndi chakudya. Ndili ndi puloti ku Njewa pomwe ndinayamba kumanga, nyumba yafika pa lintolo. Ndikagulitsa imeneyo, n'kuphatikiza ndi zomwe malume anga a ku Joni alonjeza kundibwereka, mwina ndingakwanitse. Mwina.

Njira ina n'kungochita MBA ya kumapeto kwa sabata konkuno ndili pantchito. Cholinga changa n'choti ndichoke pa zowerengera mitengo, ndilowe kumene amakonza ndalama zomangira ma mall, maofesi, ngakhale misewu ndi magetsi. Ndithandizeni maganizo, ndipo musandinyengerere.

Dobadoba wa ku Biwi
Achemwali, tiuzeni kaye kukula kwa pulotiyo ndi mmene mapepala ake alili. Za sukuluzo tikambirana pambuyo kkkkk

Admin
Aise, gulu lino si msika wa malo. Mlekeni munthu athandizidwe.

Madala a QS
Nachisale, ine ndine wakale, ndinayamba kuwerengera simenti ndi njerwa inu musanabadwe, ndiye mundikhululukire ndikalankhula mosapsatira. Nyumbayo musagulitse.

Kumbukirani za mu Meyi 2022, kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Tisanapume n'komwe, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ndalama ku akaunti anagona olemera n'kudzuka osauka, pomwe amene anali ndi khoma anadzuka khoma lake lili chiimire. Inu mukufuna kusandutsa khoma kuti likhale makwacha, kenako makwachawo muwasandutse mapaundi. Dzenje lili pakati pamenepo. Mukagulitsa lero, kubanki akakuuzani kuti lembani fomu mudikire ndalama zakunja, ndipo mudzadikiradi. Fizi ya teremu yachiwiri ikamadzafika, paundi idzakhala ili pa zingati? Ndinaona mwana wa mnzanga akubwerera pakati pa chaka chifukwa cha zomwezi, digiri alibe, puloti alibenso.

Sukulu sindikuikana ayi. Chimene ndikukana n'kulipira sukulu ya mapaundi ndi kachuma ka makwacha komwe ndi kokhako muli nako.

Nachisale wa ku 25
Zikomo bambo, ndamva. Koma ndikangokhala, zaka khumi zikubwerazi ndidzakhala ndikuyezabe mabafa a eni ndi tepi.

Mbale wa ku Reading
Achemwali, ine ndinachita zomwe mukufunazo ndipo ndidakali kuno, ndiye ndiloleni ndikufunseni chinthu chimodzi: mwawerenga mndandanda wa maphunziro a MSc imeneyo, phunziro ndi phunziro?

Ndikufunsa chifukwa ma MSc Real Estate ambiri a kuno anawapangira munthu amene digiri yake yoyamba inali ya zina, monga History kapena Geography, ndipo akufuna kulowa ntchito ya zamalo m'chaka chimodzi. M'kalasi mwathu munali otere ambiri. Teremu yoyamba ankatiphunzitsa njira zowerengera mtengo wa nyumba, zomwe inu munazichita chaka chachitatu ku Chichiri ndipo mwakhala mukudyera zomwezo zaka zonsezi. Gawo lina lalikulu linali malamulo a ku England a pakati pa landilodi ndi wochita lendi, makamaka lamulo la 1954 lokhudza nyumba za malonda. Kuno lamulolo ndi nsima yathu ya tsiku ndi tsiku, koma ku City Centre kapena ku Ginnery Corner simudzaligwiritsa ntchito.

Ngati cholinga chanu ndi ndalama zomangira, makosi ake ndi ena. Ku Cambridge, m'dipatimenti ya Land Economy, kuli MPhil ya Real Estate Finance. Ku Henley Business School konkuno ku Reading kuli Real Estate Finance yosiyana ndi Real Estate wamba. Ku UCL, ku Bartlett, kuli MSc ya Infrastructure Investment and Finance, imeneyo ndiye ya misewu, madoko ndi magetsi. Ku America njira yawo ndi ina: ambiri amachita MBA ya zaka ziwiri n'kusankha maphunziro a zamalo mkati mwake, monga ku Wharton kapena ku Columbia, apo ayi masters ya zamalo ya MSRED ya ku MIT, komwe Center for Real Estate inayamba mu 1983. Koma mitengo ya kumeneko, ngakhale mutagulitsa Njewa yense.

China chomwe ambiri sadziwa: ngati mukufuna zilembo za MRICS, zosonyeza kuti ndinu membala wa RICS, si nthawi zonse pamene pamafunika digiri yovomerezedwa ndi RICS. Pali njira imene amaitcha preliminary review, ya munthu amene ali ndi digiri komanso wagwira ntchitoyi zaka zisanu. Inu zaka zisanu munadutsa kale. Afunseni a RICS musanalipire kalikonse, mwina chomwe mukufuna kukagula ndi nyumba yanu mungachipeze muli pa desiki yanu yomweyo.

Nachisale wa ku 25
Eish achimwene, mwandiyambitsa mutu. Ndatsegula mndandandawo pompano. Pa maphunziro asanu ndi atatu, anayi ndi zomwe ndimachita kale.

Wobwerera Chimanjamanja
Ndiye mumve yanga. Ndinapita, ndinakhoza bwino, ndinabwerera ndi chipepala chokongola. Ndinakhala miyezi 14 kwa makolo ku Chilomoni ndikutumiza makalata. Kampani ina inandiitana, bwana wake anayang'ana CV n'kunena kuti “inu ndiye mwaphunziratu, kuno tikulipirani chiyani?” Kwina anandifunsa ngati ndikudziwa aliyense ku Lands. Pomaliza ndinalowa ntchito ya malipiro ofanana ndi amene ndinasiya, mnzanga amene ndinamusiya pa desiki atakhala bwana wanga. Chikomekome cha mkuyu. Sindikunena kuti musapite, koma dziwani kuti ku Kamuzu International Airport kulibe amene adzakuchingamireni ndi kalata ya ntchito.

Injiniya wa Misewu
Apa ndipamene ine ndimaikira kumbuyo za konkuno. Anthu amanyoza MBA ya Loweruka, amati ndi ya ongofuna kukwezedwa pantchito. Chabwino. Koma taonani amene mumakhala nawo m'kalasi: wina wa ku khonsolo ya mzinda, wina wa kubanki, wina wa ku unduna, wina wa ku kampani ya inshuwalansi. Zaka ziwiri mukudyera limodzi chipisi pa buleki, mukulimbana limodzi ndi assignment usiku. Malonda a malo ndi zomangamanga ndi malonda a pamalo. Msewu wa M1 simungaunyamule kupita nawo ku London, ndipo amene amasaina mapepala ake ali ku Capital Hill, osati ku Canary Wharf.

Ine ndinachita yanga pa sukulu ina yomwe sinditchula. Zoona zake, aphunzitsi ena ankabwera ndi manotsi achikale, zitsanzo zonse za makampani a ku America a zaka makumi awiri zapitazo. Za momwe mungakonzere ngongole ya pulojekiti yaikulu tinangozinunkhiza. Koma ntchito imene ndili nayo lero anandiuza ndi mnzanga wa m'kalasi momwemo. Ndipo musaiwale kuti si MBA yokha: ku Poly komweko kunayambitsidwa MSc ya Infrastructure Development and Management, ndipo sukulu ya ESAMI, yomwe likulu lake lili ku Arusha, imaphunzitsanso konkuno. Chachikulu onetsetsani kuti kosi imene mwasankha ndi yovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, masiku ano masukulu achuluka ngati matchalitchi.

Mayi a ku Banki
Ndakhala chete ndikuwerenga. Injiniya, za maubale ndikuvomera, koma mwadumpha pamene pali bala. Mwanena nokha kuti za ngongole ya pulojekiti munangozinunkhiza, pomwe Nachisale akufuna zomwezo.

Nachisale, tiyeni tichite samu ya pamsika, manambala ndikungopeka kuti tione mmene zimakhalira. Mwamanga nyumba ya K120 miliyoni. Lendi ndi K800,000 pamwezi, ndiye kuti K9.6 miliyoni pachaka. Phindu lake poyerekeza ndi mtengo wa nyumbayo, chomwe m'kalasi amati yield, ndi 8 peresenti. Tsopano tinene kuti theka la ndalamayo, K60 miliyoni, munakongola. Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene mabanki amatsatira poika chawo, kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndiye tiyerekeze kuti banki yakupatsani pa 28. Chiwongoladzanja chokha ndi K16.8 miliyoni pachaka. Lendi yonse sikukwana ngakhale chiwongoladzanja cha theka la nyumba. Simunachotse za city rates, inshuwalansi, kukonza mipope, miyezi imene nyumba ili yopanda munthu.

N'chifukwa chake m'dziko muno anthu amamanga pang'onopang'ono ndi ndalama za m'thumba, lintolo chaka chino, denga chaka cha mawa, monga mukuchitira inu. Si umbuli, ndi samu. Buku la ku England limayamba ndi kuganiza kuti ngongole ndi yotchipa kuposa phindu la nyumba, kotero kukongola kumachulukitsa phindu lanu. Kwathu kuno zili chadodolido. Munthu amene wabwera ndi nzeru ya m'bukuyo osaitembenuza amagwetsa kampani.

Ku zomangamanga zikuluzikulu nkhani ndi ina, ndipo kumeneko ndiye kukusowa anthu athu. Taonani magetsi a dzuwa a ku Salima, 60MW, a JCM Power, amene anayamba mu 2021, ndi a ku Golomoti a 20MW okhala ndi mabatire. Mapulojekiti otere ngongole yake sadalira chikole cha nyumba ngati chomwe mumawerengera inu. Amakhazikitsa kampani yapayokha ya pulojekitiyo, ndipo obwereketsa amayang'ana mgwirizano wogulitsa magetsi kwa ESCOM kwa zaka zambiri. Mgwirizanowo ndiye chikole. Mafunso ake ndi otere: ngongole ili m'madola koma ogula magetsi amalipira makwacha, kwacha ikagwa adzasenza ndani? Wogulayo akachedwa kulipira, ndani aimirire? Mpatamanga pa Shire, ya 358MW, muli boma, kampani ya magetsi ya ku France ya EDF, IFC yomwe ndi nthambi ya World Bank, ndipo World Bank inavomereza madola 350 miliyoni mu 2025. Ndakhalapo m'zipinda zokambirana mapulojekiti ang'onoang'ono kuposa amenewa. Amene amagwira kompyuta yokhala ndi model, samu yonse ya ndalama za pulojekitiyo, amakhala wochokera ku Johannesburg, Nairobi kapena London. Ife eni dziko timakhala tikuvomera ndi mutu, chifukwa palibe mwa ife amene angatsegule Excel yakeyo n'kunena kuti bwana, pa mzere uwu mwatibera.

Ine ndinachita MCom ya Development Finance ku Graduate School of Business ya ku UCT. Umapita kwa masiku ochepa, n'kubwerera kuntchito, n'kudzapitanso. Ku Stellenbosch kulinso MPhil ya Development Finance. Za malo zenizeni, UCT ili ndi MSc ya Property Studies, Pretoria ili ndi MSc ya Real Estate, ku Wits nakonso ziliko. Fizi ndi ya ma randi, ntchito simusiya, ndipo zitsanzo za m'kalasi ndi za mayiko amene ndalama yawo imagwa ngati yathu.

Dobadoba wa ku Biwi
Mayi a ku Banki mwalankhula bwino, koma inenso ndipatseni mpata, ine wa MSCE. Nonsenu ndi ma model anu mumabwera kwa ine mukafuna malo. Kodi ku Cambridge amaphunzitsa chochita ukapeza kuti puloti imodzi anagulitsa kwa anthu atatu, aliyense ali ndi kalata ya mfumu yodinda bwinobwino? Amaphunzitsa kuti mwini malo akamwalira, adzukulu amatulukira kuchokera kumudzi iwe utathira kale faundeshoni? Malamulo a malo anasintha mu 2016, anawakonzanso mu 2022, pakubwera zolembetsa malo a makolo, koma pitani kumidzi yozungulira Lilongwe mukaone mmene malo akugulitsidwira. Bwana wina wa masters ziwiri anagula malo m'dambo mwezi wa Seputembala. Ndinamuuza kuti bwana dikirani Janyuwale mudzaone, anati ali ndi lipoti. Pano akuweta achule.

Madala a QS
Kkkk mnyamata iwe uli ndi pakamwa, koma sunaname. Pulojekiti zambiri zimene ndinaziona zikuima sizinaime chifukwa cha samu yolakwika. Zinaima chifukwa cha chipukuta misozi cha eni malo, kapena kontilakita sanalipidwe miyezi isanu ndi umodzi, kapena simenti yakwera kawiri tenda itasainidwa kale.

Mayi a ku Banki
Bambo, zonse mwatchulazo zimayenera kulowa mu samu yomweyo. Kuchedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kuli ndi mtengo wake, ndipo munthu wodziwa amauika pa pepala ntchito isanayambe. Apa ndi pamene Nachisale ali ndi mwayi kuposa mwana wa ku London. Iye dambo amalidziwa kale, kalata ya mfumu anaionapo. Chomwe akusowa ndi chilankhulo cha eni ndalama.

Wa ku Chipata
Muli bwanji a ku Malawi, ine nikhala mu Lusaka koma kwathu ni ku Chipata. Nifuna kuikako pang'ono. Kuno msewu wa Lusaka kupita ku Ndola aupanga wa mbali ziwiri kudzera mu PPP, boma kugwira pamodzi ndi makampani, mgwirizano wa zaka 25 unasainidwa mu 2023, ndipo NAPSA, bungwe la penshoni, inaikamo ndalama za ngongole. Anthu anakangana kwambiri pa nkhaniyi, ena amati ngati ndalama ni za penshoni zathu, nanga wakunja wabweretsa chiyani? Ena amati bola ndalamazo zigwire nchito kuno kwathu. Amene anali kumvetsa mapepala a mgwirizanowo anali ochepa, ambiri tinali kungokuwa. Manje anzanga amene anachita Real Estate pa Copperbelt University, amene apita patsogolo ni amene anawonjezera za finance, osati amene anabwereza zomwezo kunja.

Mayi a ku Banki
Achimwene a ku Chipata mwandikumbutsa khomo lenileni. Kuno lamulo limati olemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ku penshoni mwezi uliwonse. Ndalama zimenezo zikuunjikana ndipo zimafuna kokhala kwa zaka zambiri. Sizingathere mu ngongole za boma ndi masheya a makampani ochepa amene ali pa Malawi Stock Exchange. N'chifukwa chake mumaona Old Mutual ili kumbuyo kwa MPICO, eni Gateway Mall, ndipo ICON Properties, eni Chichiri Shopping Centre, inalowa pa msika wa masheya mu 2019 kuchokera ku banja la NICO. Amene amasunga ndalama zoterezi sakongola pa 28 peresenti, amagula ndi zawo. Amafuna munthu woti akaona nyumba adziwe ngati denga lili bwino, ndipo akaona spreadsheet adziwe ngati lendi imeneyo ndi yoona. Anthu otere ndi owerengeka. Ambiri amadziwa chimodzi.

Kumbali ya boma kuli Public Private Partnership Commission, kuli Roads Fund Administration yomwe imatolera ndalama pa ma tollgate a Chingeni ndi Kalinyeke. Tollgate ndi chiyani kwa munthu wa finance? Ndi ndalama yolowa tsiku ndi tsiku imene ungaionetse kwa wobwereketsa n'kumangira msewu lero. Koma pafunika wowerengera kuti padzadutsa magalimoto angati, ndipo mafuta akasowa miyezi iwiri chiwerengerocho chidzatsika bwanji.

Bambo a Chikondi
Pepani kulowerera, koma palibe amene wafunsa: akunyumba akuti chiyani? Chaka chathunthu mkazi kunja si nkhani yamasewera.

Nachisale wa ku 25
Bambo a Chikondi, mwezi watha achimwene ena anafunsa pano za PhD ya zaka zinayi ku China, sindinaone mukuwafunsa za akunyumba. Koma poti mwafunsa, nkhani imeneyo ndi yathu ndipo tinakambirana kale. Chondivuta ine ndi mwana, ali ndi zaka zinayi.

Bambo a Chikondi
Ndagonja mayi, pepani.

Mbale wa ku Reading
Za mwanazo ndiye zofunika kuzidziwa msanga. Kuyambira Janyuwale 2024, wophunzira masters ya m'kalasi ngati imeneyi saloledwa kubwera ndi banja, kupatula amene akulipiriridwa ndi boma kapena akuchita digiri ya kafukufuku. Ndiye mukabwera ndi ndalama zanu, mwanayo atsala. Onjezaninso mapaundi 776 pachaka a zaumoyo amene mumalipiriratu popempha viza, kuyezetsa TB, IELTS ku British Council, ndi ndalama zoonetsa ku akaunti kuti mudzatha kudzisamala. Viza yotsalira kugwira ntchito mukamaliza pano ndi ya zaka ziwiri, koma boma la kuno linalengeza kuti kuyambira Janyuwale 2027 idzakhala ya miyezi 18. Amene amawerengera kuti “ndikagwira ntchito kumeneko n'kubweza ngongole ya malume” aziwerengera ndi nthawi imeneyo, ndipo miyezi yoyamba imathera kufunafuna ntchitoyo.

Ine ndinapulumukira sikolashipu. Ndikanakhala wodzilipirira sindikanabwera.

Mphunzitsi wa ku Mzuni
Ndiye tiyeni pa za sikolashipu, chifukwa ana anga ambiri amaziopa asanayese n'komwe. Chevening amatsegula cha mu Ogasiti, amafuna kuti ukhale utagwira ntchito maola 2,800, zomwe Nachisale anapitirira kalekale, ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Amalipira MSc yonse, koma pa MBA amalekezera pa mapaundi 22,000, zotsalazo uone wekha. Ichi chokha chikukuuzani kuti kwa munthu wa thumba ngati lathu MSc ya finance ndi yofikirika kuposa MBA ya kunja. Beit Trust ndi ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe basi, ndiye opikisana nawo ndi ochepa, ndipo imatumizanso ku South Africa. Kuli Commonwealth, yomwe ili ndi ina yophunzira uli kwanu pa intaneti. Kuli Mastercard Foundation ku UCT, Pretoria, Edinburgh ndi kwina.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi kalata yofotokoza cholinga. Aliyense amalemba kuti akufuna kutukula Malawi. Owerengawo awerenga zimenezo kambirimbiri. Inu lembani zomwe Mayi a ku Banki anena pamwambapa: mwawerengera nyumba mazana, mwaona chifukwa chake ngongole ya nyumba sikuyenda m'dziko muno, ndipo mukufuna kudziwa momwe ndalama za penshoni zingamangire nyumba zogona ophunzira kapena msika. Ndipo yunivesite yakupatsani maloyo, ilembereni muipemphe ikusungireni mpaka chaka cha mawa. Ambiri amavomera.

Kamnyamata ka Year 4
Akuluakulu pepani, ine ndidakali pa sukulu. Mayeso olowera aja a GMAT ndi ofunika pa zonsezi?

Mbale wa ku Reading
Pa MBA za masukulu otchuka, eya, kapena GRE. Pa MSc zambiri za zamalo kuno safunsa. GMAT ya masiku ano malikisi ake amayambira 205 kulekeza 805. Koma mng'ono wanga, maliza kaye, ukagwire ntchito zaka zitatu, udziwe chimene chikukusowa. Masters ya munthu amene sanayezepo nyumba imangokhala Year 5.

Injiniya wa Misewu
Ndipo ukamalemba ya pa intaneti uli kunyumba, ubwereke jenereta. Mnzanga magetsi anamuthimira ali pakati pa mayeso, ndalama zake zinapita choncho.

Mayi a ku Banki
Nachisale, musanasankhe sukulu iliyonse, ndikupatseni ntchito. Choyamba, pali satifiketi ya PPP yotchedwa CP3P, ya APMG, imene anaikonza mothandizana ndi World Bank ndi mabanki ena a chitukuko. Buku lake ndi laulere pa intaneti, mumalipira mayeso okha. Werengani mutu woyamba. Mukaona kuti mukugona, dziwani kuti za misewu ndi magetsi si zanu, ndipo mwapulumutsa nyumba.

Chachiwiri, tsegulani Excel. Yerekezani hostel ya ophunzira ya mabedi 200 pafupi ndi koleji iliyonse imene mukuidziwa. Mtengo womangira afunseni Madala a QS. Ikani lendi pa bedi, miyezi ya holide, mlonda, madzi, kukonza zowonongeka. Zaka 15. Mundipezere IRR, peresenti ya phindu la pachaka pa ndalama zoikidwamo, munditumizire ku inbox Lachisanu lisanafike. Ndikufuna ndione pamene mukakamire, chifukwa pamenepo ndi pamene tidziwe kosi yoyenera inu.

Madala a QS
Mitengo ndikupatsani, koma ikhala ya sabata ino yokha. Ya sabata ya mawa sindikulonjeza.

Wobwerera Chimanjamanja
Ndikanapeza munthu wondipatsa ntchito ngati imeneyi ndisanakwere ndege, bwenzi nkhani yanga ili ina.

Nachisale wa ku 25
Ndabweranso akuluakulu, papita masiku asanu. Ku yunivesite ndinalemba, avomera kundisungira malo mpaka chaka cha mawa, ndipo ndafunsanso ngati ndingasinthire ku kosi yawo ya finance. A RICS ndawalembera, ndikudikira yankho. Malume ndawauza kuti ndalama zawo asunge kaye m'ma randi momwemo. Fomu ya Beit ndi ya Chevening ndiyesa zonse, ndipo za ku UCT ndikuziwerenga.

Hostel ija yandisowetsa tulo. IRR ikutuluka 11 peresenti. Ndabwereza katatu. Ngati zili choncho, bwanji munthu osangogula ma treasury bill obwereketsera boma ndalama, omwe a chaka chimodzi mu 2024 ankapereka zoposa 20 peresenti, n'kumagona tulo? Kapena ndalakwitsa penapake?

Mayi a ku Banki
Ndaiona. Funso mwafunsalo ndi limene komiti iliyonse yoika ndalama imafunsa, ndiye musachite manyazi. Koma taonani mzere 14: lendi mwaisiya chimodzimodzi zaka zonse 15, pomwe mlonda ndi madzi mukuzikweza chaka ndi chaka. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, ndi landilodi uti amene anasiya lendi osakweza? Chinanso, chaka cha 15 nyumbayo mwaiiwala, ngati yasanduka nthunzi. Ikani mtengo umene mungaigulitsire, imeneyo ndiye ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku. Mukakonza ziwirizi nambala isintha kwambiri. Kenako mudzifunse ngati makolo a ophunzirawo angakwanitse lendi yokwera chonchoyo, chifukwa malipiro awo sakwera ndi 30 peresenti. Pamenepo ndiye pali mkangano weniweni, ndipo ine yankho lake ndimakangana nalo mpaka lero. Konzani munditumizirenso.

Dobadoba wa ku Biwi
Ndiye kuti ku Njewa kuja sikugulitsidwa? Ndinali nditapeza kale kasitomala wa ku Ireland.

Nachisale wa ku 25
Muuzeni apeze kwina achimwene kkkk

Madala a QS
Poti yatsala, ifolereni mvula isanayambe. Khoma la pa lintolo likamenyedwa ndi mvula nyengo ziwiri limayamba ming'alu, mudzawononga zambiri pokonza. Malata mugule a 28 gauge, asakunamizeni ndi opyapyala aja, ndipo matabwa awapake mankhwala a chiswe inu mukuona.

Nachisale wa ku 25
Chabwino bambo. Nyumbayo ndi ya zipinda zitatu, 11 mita ndi 9. Malata angafunike angati? Ndikufuna ndikafunse mitengo ku Malangalanga Loweruka.